Wantchito wa boma akapanda kulipira msonkho, achotsedwe? Makalata a ku Rumphi ayankhidwa

Kalata yomwe idatenthetsa pologalamu ya mafunso ndi mayankho sabata imeneyo idachokera ku Bolero, kwa mlimi wa fodya yemwe adailemba pa pepala long'amba m'kope la mwana wasukulu. Muulutsi wa wailesi ina yomwe imamveka m'boma la Rumphi adaiwerenga momwe idalembedwera, Chitumbuka ndi Chichewa zitasakanikirana. Mlimiyo adati iye akagulitsa fodya ku okushoni ku Mzuzu, msonkho umadulidwa ndalama isanafike m'manja mwake, ndipo mayi wogulitsa tomato pamsika wa pa boma amadula tikiti asanagulitse ngakhale mulu umodzi. "Nanga wantchito wa boma, yemwe malipiro ake ndi msonkho wathu womwewo, akapezeka kuti iye salipira, bwanji osangomuchotsa ntchito?"

Woyankha anali mayi wachikulire yemwe adagwira ntchito yowerengera chuma zaka zambiri, m'boma ndi m'makampani, ndipo pano adapuma. Amalankhula modekha koma sazungulira.

"Adada a ku Bolero, mkwiyo wanu ndaumva, ndipo uli ndi maziko," adatero. "Koma tiyambe taona kuti m'bomamo ndani angathe kuzemba msonkho, chifukwa si onse omwe ali ndi mpata umenewo."

Adafotokoza kuti mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi kapena mesenjala wa kwa DC sagwira n'komwe msonkho wa pa malipiro ake. Umenewu ndi PAYE, ndipo olemba ntchito amaudula malipiro asanalowe ku banki, n'kuutumiza ku Malawi Revenue Authority (MRA), bungwe lomwe lidayamba kutolera misonkho ya boma mu 2000. Adapereka chitsanzo ndi mlingo womwe udayamba mu Epulo 2024. K150,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu, ndipo ndalama yopitirira pamenepo mpaka K500,000 inkadulidwa 25 pa 100 iliyonse. Choncho mphunzitsi wolandira K350,000 ankasiya K50,000 mwezi uliwonse, afune asafune. Kumbuyoko malire osadulidwawo anali K45,000 yokha, asanakwezedwe kufika K100,000 mu 2020.

"Ndiye mukakumana ndi mphunzitsi akupalasa njinga m'fumbi la msewu wa ku Katowo, dziwani kuti ameneyo ndi mmodzi mwa anthu okhulupirika kwambiri pa msonkho m'dziko muno. Iye ndi inu mukufanana: nonse amakudulani musanaone ndalama."

Mfundo imeneyi ndi yomwe imasowa anthu akamakambirana nkhaniyi m'minibasi. Mawu oti "wantchito wa boma" amaphatikiza munthu wolondera pachipata cha chipatala ndi mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill, ngati kuti onse ali ndi mphamvu zofanana pa ndalama za dziko. Lamulo lomwe lingawaike onsewa m'thumba limodzi lingagwere wamng'onoyo poyamba, popeza ndiye alibe loya.

Kalata yachiwiri idatsimikiza kuti mantha alipo kale. Idachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale wa ku Mhuju, m'chigwa cha Henga, yemwe adapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Adatenga ngongole ku SACCO, adamanga kanyumba ka zipinda ziwiri komwe amachititsa lendi, ndipo mkazi wake amayendetsa chigayo cha dizilo chomwe chidalembedwa m'dzina la mwamunayo. Chiyambire sadapiteko ku MRA. Adamva mnzake akunena kuti boma likadziwa limuchotsa ntchito, penshoni n'kupita. "Amama, kodi ndine mbava?"

Mayiyo sadamunyengerere. Adati ndalama ya lendi ndi phindu lomwe lamulo la msonkho limaliwerengera, ndipo PAYE ya pa malipiro siphimba nyumba kapena chigayo. Munthu wotere ayenera kukhala ndi TPIN, nambala yomwe MRA imamudziwira nayo, ndipo azinena zomwe wapeza pa chaka. Adamukumbutsa kuti mu 2021 boma lidakhazikitsa msonkho wosavuta wa mabizinesi ang'onoang'ono omwe malonda awo sapitirira K12.5 miliyoni pa chaka, woti munthu amalipira ndalama yoikika malinga ndi kukula kwa malondawo, osafunika mabuku ovuta. Chigayo cha kumudzi nthawi zambiri chimagwera m'gulu limenelo.

"Aphunzitsi, muli ndi ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa. Kwerani galimoto mupite ku ofesi ya MRA ku Mzuzu ndi kope lomwe amama amalembamo za kuchigayo, mukanene nokha asanakupezeni. Mukalipira ndi chindapusa chake, mwina pang'onopang'ono mukagwirizana nawo. Koma ngongole si kuba."

Kenako adalowa m'malamulo, ndipo apa adachedwapo. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense yemwe ofesi ya boma ikufuna kumuchitira chinthu chokhudza ufulu wake ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi motsata ndondomeko, ndipo apatsidwe zifukwa zolembedwa. Lamulo la ntchito la 2000, pa gawo 57, limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza kagwiridwe kake ka ntchito kapena khalidwe lake, ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mphunzitsi ali pansi pa Teaching Service Commission, namwino pansi pa Health Service Commission, ndipo amenewa ndiwo amaunika milandu ya anthu awo. Wochotsedwa mopanda chilungamo angathe kudandaula ku Industrial Relations Court, khothi la nkhani za pantchito lomwe lili ndi nthambi ku Mzuzu, kapena kwa Ombudsman. Zinthu zimasintha munthu akapezeka wolakwa m'khothi pa mlandu wachinyengo, monga kupanga malisiti abodza kapena kunamiza dala otolera msonkho. Pamenepo nkhani yachoka pa ngongole, yafika pa khalidwe, ndipo ntchito ingathe kutha.

Muulutsi adamudula pakamwa. "Komatu amama, omvera anena kuti mukuteteza anzanu. Munthu akadziwa kuti sachotsedwa, adzalipira bwanji?"

Mayiyo adayankha kuti kwa MRA palibe wangongole wosavuta kumugwira kuposa wantchito wa boma. Lamulo limalola bungweli kulamula olemba ntchito kapena banki kuti adule ndalama za munthu yemwe ali ndi ngongole ya msonkho n'kuzipereka kwa ilo, ndipo lingathenso kulanda katundu. Wamalonda wapamsewu lero ali ku Chiweta, mawa ku Karonga. Mphunzitsi ali ndi nambala ya ntchito ndipo malipiro ake amadutsa pakompyuta ya boma mwezi ndi mwezi. "Mukamuchotsa, mwatseka njira yokhayo yomwe ngongoleyo ikadabwerera, ndipo ana a Sitandade 5 ku Mhuju atsala opanda mphunzitsi. Kumeneko n'kutentha nkhokwe pofuna kupha khoswe."

Ndipo zoonadi, aliyense wodziwa Rumphi akudziwa kuti mphunzitsi kapena dokotala wamng'ono akachoka kumapiri a Phoka kapena kunyanja ku Tcharo, komwe anthu amafikako pa boti kapena wapansi, wolowa m'malo mwake safika msanga. Chilango choterocho chimagwera anthu omwe sadalakwe.

Kalata yachitatu ndi yomwe idasintha mawu a mayiyo. Wolemba anali kalaliki wa bungwe lina la boma lomwe limalipira lokha antchito ake. Adati pepala lake la malipiro limasonyeza PAYE yodulidwa mwezi uliwonse, koma atafuna chikalata chotsimikiza kuti alibe ngongole ya msonkho, adauzidwa kuti m'mabuku ndalama zakezo sizikuoneka. Adatumiza ndi chithunzi cha pepalalo, lopindika pakati, mzere wa msonkho atauzunguliza ndi bolopeni yofiira.

"Apa ndiye pali mlandu weniweni," adatero mayiyo, "ndipo si wa amene walemba kalatayi." Adafotokoza kuti wolemba ntchito akadula PAYE amayenera kuipereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ndalama imeneyo si ya bungwe, ndipo si ya wantchitonso. Ndi ya boma kuyambira tsiku lomwe yadulidwa. Akapanda kuipereka, lamulo limagwira wolemba ntchitoyo. Chimodzimodzi msonkho womwe maofesi amadula polipira makontilakitala ndi ogulitsa katundu. Malipoti a Auditor General akhala akutchula makhonsolo ndi mabungwe a boma omwe adadula ndalama zoterezi n'kuzigwiritsa ntchito zina: mafuta a galimoto, ma alawansi, ngongole za magetsi. Ena amachita chimodzimodzi ndi ndalama za penshoni, wantchito n'kudzadziwa tsiku lopuma.

"Munthu amene adasayina kuti ndalama ya msonkho ipite ku ma alawansi ali ndi dzina, ali ndi udindo, ndipo adadziwa chomwe akuchita. Ngati mukufuna woti achoke pampando chifukwa cha msonkho, adada a ku Bolero, yambani ndi ameneyo."

Kalalikiyo adamulangiza kuti asunge mapepala ake onse a malipiro, apemphe kwa abwana chikalata chosonyeza msonkho womwe wadulidwa pa chaka, ndipo apite nazo ku MRA. Ngati akuopa kuonekera, adutsire ku bungwe la antchito.

Pa yankho limeneli n'kovuta kutsutsana ndi mayiyo. Kusokoneza msonkho wa anthu ena uli pa udindo ndi chinthu china, kulephera kulipira wako chifukwa cha umbuli kapena umphawi ndi chinanso, ndipo dziko lomwe limalanga ziwirizi mofanana limathera polanga chaching'onocho chokha, popeza ndicho chosavuta kuchigwira.

Wophunzira wina wa ku Khondowe adafunsa mwachidule: kodi maiko ena amatani? Mayiyo adayambira ku America, komwe funsoli lavuta kwa zaka zambiri. Lamulo la 1998 lidaika milandu khumi yomwe wantchito wa IRS, bungwe lotolera msonkho kumeneko, angachotsedwe nayo ntchito, ndipo iwiri mwa imeneyo ndi kusapereka dala mafomu a msonkho ndi kuchepetsa dala msonkho womwe ayenera kulipira. Adagogomeza mawu oti dala, ndiponso kuti lamuloli ndi la otolera msonkho okha. Phungu wina, Jason Chaffetz, adayesa kangapo kuti antchito onse a boma omwe ali ndi ngongole yaikulu ya msonkho azichotsedwa. Bilu yake idadutsa m'nyumba imodzi ya malamulo mu 2012 koma sidakhale lamulo, ndipo mu 2013 ndi 2015 sidapeze mavoti okwanira. Otsutsa ankanena zomwe mayiyo adauza muulutsi uja, zoti wopanda ntchito sabweza ngongole.

Kwa akuluakulu zimakhala zina. Mu 2009 Tom Daschle adasiya yekha mpando wa unduna womwe Barack Obama adamusankhira nkhani yake ya msonkho itaululika, ngakhale kuti Timothy Geithner, yemwe naye anali ndi vuto lofanana nalo, adapepesa, adalipira, n'kukhala nduna ya zachuma. Ku Britain, nduna yaikulu ya nthawiyo, Rishi Sunak, adachotsa Nadhim Zahawi pa unduna mu Januwale 2023 chifukwa sadaulule kuti otolera msonkho ankamufufuza ndipo adamulipitsa chindapusa. Mu Seputembala 2025 Angela Rayner adatula pansi udindo wa wachiwiri kwa nduna yaikulu zitadziwika kuti adalipira msonkho wochepa pogula nyumba. Ku Kenya, ofuna maudindo akuluakulu a boma amafunsidwa chikalata cha KRA, bungwe lotolera msonkho kumeneko, chosonyeza kuti msonkho wawo uli bwino asanalowe ntchito.

"Mwaona komwe chingwe chimamangidwa?" adafunsa mayiyo. "Pa otolera msonkho eni ake, ndi pa atsogoleri. Munthu amene amapanga lamulo la msonkho, kapena amene amagogoda pakhomo panu kudzautolera, sangakhale wouzemba. Pamenepo ine ndilibe chifundo."

Kenako muulutsi adatsegula kalata ya gogo wina wa ku Hewe, yomwe adamulembera mdzukulu wake. Gogoyo adakumbukira nthawi ya Kamuzu, pomwe mwamuna aliyense ankayenda ndi chiphaso cha msonkho m'thumba, ndipo wopanda chiphaso ankagwidwa pamsika kapena pamsewu. Adati iye adagonapo kuthengo pothawa otolera. "Ife osauka ankatithamangitsa chifukwa cha ndalama zochepa. Lero akuluakulu akulowetsa katundu ulere. Kodi lamulo lidapita kuti?"

Mayiyo adayamba ndi kumulonjera gogoyo m'Chitumbuka, kenako adati lamulo lilipo, ndipo lina lake ndi lakuthwa kuposa lomwe mlimi wa ku Bolero akupempha. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lokakamiza atsogoleri ndi akuluakulu a boma kuulula chuma chawo, ngongole zawo ndi mabizinesi awo. Lamulo limenelo limanena kuti wolephera kutero popanda chifukwa chomveka achotsedwe pa udindo. Mu 2018 ofesi yoona za lamuloli idapempha kuti nduna ina ndi aphungu angapo achotsedwe chifukwa chosaulula chuma, koma anthu sadaone mipandoyo ikutsala yopanda eni. "Ndiye tisanalembe lamulo latsopano lothamangitsira aphunzitsi, tiyeni tifunse chifukwa chake lomwe lilipo kale la akuluakulu likugona."

Adakumbutsanso nkhani ya simenti yomwe idaphulika mu 2020, pomwe zidamveka kuti simenti ya ndalama pafupifupi K5 biliyoni idalowa m'dziko osalipira msonkho wa pachipata pogwiritsa ntchito TPIN ya mtsogoleri wa dziko wa nthawi yomwe idalowayo, Peter Mutharika. Iwo adakana kuti sadadziwepo kanthu, ndipo akuluakulu ena, kuphatikizapo wa ku MRA komweko, adamangidwa. Mayiyo adati sangaweruze mlanduwo pa wailesi, koma kukula kwa ndalamayo kukusonyeza komwe boma limataya zambiri. Aphungu ndi nduna ali ndi mwayi wolowetsa galimoto osalipira msonkho wa pachipata, ndipo mwayi uliwonse wotere ndi khomo lomwe likufuna mlonda. Adatchulanso Cashgate ya 2013, pomwe ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Imeneyo inali misonkho yotoleredwa kale, ya mlimi wa khofi wa ku Mphompha ndi ya wokumba malasha ku Mchenga, ndipo omwe adaitulutsa anali ndi makiyi a m'boma.

Apa muulutsi adafuna yankho limodzi. "Achotsedwe kapena ayi?"

"Wochita chinyengo dala, khothi litamupeza wolakwa, achoke. Wogwiritsa ntchito udindo wake kuzemba msonkho kapena kuzembetsa anzake, achoke, ndipo abweze. Woiwala, wosadziwa, wotsalira chifukwa zinthu zamuvuta, alipire ndi chindapusa, azipita kuntchito." Adawonjeza kuti ngongole ya msonkho si nthawi zonse imakhala yoona: MRA nayo imalakwitsa powerengera, n'chifukwa chake munthu ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo mu 2021 padakhazikitsidwa lamulo la Revenue Appeals Tribunal kuti madandaulo otere azimvedwa ndi ena osati bungwe lomwe lawerengeralo. Kuchotsa munthu ntchito nkhani yake isanathe kumeneko kungapereke chida kwa bwana aliyense wofuna kuthana ndi wantchito amene amamufunsa mafunso ovuta.

Chenjezo limenelo si lopanda pake m'dziko lomwe anthu amasamutsidwira kumidzi yakutali ngati chilango, ndipo boma likasintha maofesi ambiri amasintha eni.

Nthawi itatsala pang'ono, muulutsi adawerenga kalata ya mayi wa ku Mlowe yemwe adaphunzitsa moyo wake wonse. Adapuma, koma ndalama zake zopumira nazo akuzidikirabe, ndipo maulendo a ku Lilongwe amudyera zomwe adasunga. Adakumbutsa kuti mu 2017 aphunzitsi m'dziko lonse adanyanyala ntchito pofuna ndalama zawo za tchuthi zomwe boma lidachedwetsa. "Ine boma silidaphonye mwezi kundidula msonkho. Lero lili ndi ngongole kwa ine. Achotsedwe ndani?"

Mayiyo adati funsoli ndi lachilungamo, koma adachenjeza omvera kuti ngongole ya boma kwa munthu sichotsa ngongole ya munthu ku MRA. Ndi mabuku awiri osiyana, ndipo wosiya kulipira msonkho wa nyumba yake ponena kuti boma lili naye ngongole adzapeza chindapusa chikumudikira. Chomwe mayi wa ku Mlowe angachite ndi kulemba kalata ku ofesi ya zamaphunziro ya boma la Rumphi yofunsa pomwe fayilo yake yaima, kusunga kope la kalatayo litadindidwa tsiku lomwe yalandiridwa, ndipo yankho likapanda kubwera, kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman ku Mzuzu, komwe salipiritsa kanthu. Gawo 43 lomwe lija, adatero, limakhudzanso ofesi yomwe yakhalira fayilo ya munthu osapereka chifukwa. Adamuuza kuti popita kumeneko atenge kalata yake yolembedwera ntchito, kalata yopumira, chiphaso cha unzika ndi pepala lake lomaliza la malipiro.